Zaka Ziwiri za Rhoda Lanzner

Seymour anakankha chitseko cha khitchini ndi phazi, m'manja muli mbale ya mazira owiritsa, n'kuchitsamira kuti wina asalowe.

"Akakufunsa, iwe ungoti inde. Nkhani yathera pomwepo."

Mlongo wake Rhoda sanatembenuke. Ankatsuka makapu otsukatsuka kale. Woferedwa saloledwa kugwira ntchito pa masiku a shiva, sabata imene Ayuda amalira maliro, amayenera kungokhala pa kampando kakafupi anthu n'kumamupatsa chakudya, koma Rhoda sankatha kukhala chabe. Panali patangopita masiku ochepa chiikireni maliro a mayi awo, Mayi Gitl Lanzner. Pabalaza panali podzaza ndi anthu, akalilole ataphimbidwa ndi nsalu, kandulo ikuyaka pawindo, koma m'khitchinimo simunkamveka ngakhale chifuwa cha munthu. Ndi mmene alili makoma a Nyumba ya Osoka.

"Achimwene, ine muno ndinalowa mu Novembala," anatero Rhoda. "Lamulo likuti zaka ziwiri."

"Lamulo! Lamulolo lidzakufunditsa bulangete ukamadzagona pabenchi? Kachipinda kako kaja ka pansi pa nthaka unakasiya, mwalowa ena. Ukalamba ndi uwu wafika, ndipo malipiro ophikira ana a sukulu sangakupezere ngakhale khola la galu muno mu Bronx. Ukuganiza kuti ulowera kuti?"

"Kwanu ku Arizona kulibe malo?"

Seymour anayang'ana mazira aja ngati akuwaona koyamba. "Ukudziwa mmene alili alamu ako."

Rhoda ankadziwadi, ndiye sanafunsenso.

Munthu amene anagonapo m'Nyumba ya Osoka safuna kuchokamo ndi miyendo yake, amachoka atanyamulidwa. Inamangidwa nkhondo yaikulu isanayambe, ndipo anaimanga ndi anthu osoka zovala, agogo ake a Rhoda ali momwemo, amene anatopa ndi eni nyumba n'kusonkherana timakobidi tawo kuti akhale ndi pawopawo. Anthuwo ankaswera m'timabowo topanda mawindo, ndiye pomanga anabwezera mkwiyo wonse. Denga lili kutali mwakuti posintha babu mpaka ukabwereke makwerero. Mawindo ali mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, pansi pali matabwa olimba amene mibadwo itatu yalephera kuwaperepesa, ndipo pakati pa nyumba pali bwalo la mitengo pamene mayi amatha kumuona mwana wake ali kukhitchini. M'nyengo yozizira mapaipi a nthunzi amagogoda m'mamawa, kenako m'nyumba mumafunda mpaka kutsegula windo kunja kuli chisanu chothyola mafupa. Mwini wake palibe, mwini wake ndi tonse. Koma poti ndi ya tonse, si ya mwana wa munthu. Kholo likamwalira, mwana amatsalamo pokhapokha ngati anagona momwemo zaka ziwiri zakumapeto. Apo ayi, makiyi amapita kwa amene ali kutsogolo pa mzere wa odikira, mzere umene munthu amalowapo ali ndi khanda n'kudzaitanidwa khandalo litamera ndevu.

Mayi Gitl anabadwira m'nyumbayi ndipo malamulo ake ankawasunga kuposa a Mose. Anakhala mu komiti yoyendetsa nyumbayi mpaka mpando unawazolowera. Tinkawaopa, ndipo tisanamizane, ambiri sitinkawakonda. Tinkadziwa kuti popanda iwo nyumbayi ikanagwa kalekale m'manja mwa ogula ndi kugulitsa, koma kudziwa zimenezo sikunkachititsa kuti moni wawo akome. Rhoda anawapempha kangapo kuti abwere azikhala nawo, iwo n'kumayankha chimodzimodzi: "Khitchini imodzi, mkazi mmodzi. Ine sindinafe." Anavomera atagwa m'bafa, madokotala atapeza kuti nthenda yadya kale m'kati monse, ndipo pamenepo n'kuti kutatsala miyezi yowerengeka.

"Ndipo mwaiwala amene ali mu komiti masiku ano," anatero Rhoda akupukuta manja.

"Ndani?"

"Bambo Quiles."

Seymour anaika mbale ija patebulo pang'onopang'ono. Dzina limenelo ngakhale iye, amene anachoka kalekale, ankalikumbuka.

Zaka zambiri zapitazo, mayi awo a Bambo Osvaldo Quiles atamwalira, mwana wa Bambo Quiles dzina lake Nestor anaima pamaso pa komiti n'kunena kuti ankagona kwa agogo akewo. Mkazi wake n'kuti ali woyembekezera. Komiti yonse inayang'ana kudenga, poti aliyense ankadziwa zoona zake ndipo aliyense anali wokonzeka kuziiwala. Mayi Gitl okha anaimirira. "Mnyamatayu ine ndimamuona m'mawa akulowa, osati akutuluka," anatero, n'kukhala pansi. Nestor anasamukira ku Florida, ndipo adzukulu a Bambo Quiles akulira kumeneko, agogo awo akumawaona pafoni. Kuyambira tsiku limenelo Mayi Gitl ndi Bambo Quiles sanapatsanenso moni, ngakhale m'chikepe chokwerera ku zipinda zam'mwamba, chimene ndi chaching'ono mwakuti mumapumirana.

"Sangachite zimenezo maliro asanazizire," anatero Seymour, koma mawu ake anali atachepa.

"Inu mukanakhala iwo?"

Atatulukira pabalaza anawapeza Bambo Quiles ataima pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja, mphika wa mpunga ndi nandolo atauika pampando. Anali atakalamba, khosi litalowa m'jekete. Anthu anasiya kulankhula. Rhoda anakakhala pa kampando kake, iwo n'kumuyandikira, n'kuwerama mpaka mawondo kulira.

"Pepani, Rhoda."

"Zikomo, Bambo Quiles."

"Ine maso anatha," anatero mokweza, ngati akufuna kuti pabalaza ponse pamve, "koma inu ndakhala ndikukuonani m'chikepe m'mawa uliwonse mukupita kuntchito. Chaka chatha, chaka chinacho. Si choncho?"

 Rhoda anaona kuti mkuluyo wamutchera msampha anthu akuona, akufuna avomere lero kuti akamuvule bwino tsiku la komiti. Anayang'ana pansi.

"Zikomo chifukwa cha mpunga," anatero.

Bambo Quiles anavala chipewa n'kutuluka, pakamwa pakuoneka kuti patsala mawu.

Shiva itatha, Rhoda ndi Seymour anatuluka kukazungulira nyumba monga mwa mwambo, kuti oferedwa abwerere kwa amoyo. Chisanu chinali chitada m'mbali mwa msewu. Seymour ankayenda mofulumira, akumuphunzitsa.

"Mayi Prescod, wapampando wa komiti uja, akati, munagona muno zaka ziwiri? Iwe uti chiyani?"

"Inde."

"Osati ngati wakuba nkhuku. Nena ngati munthu."

"Inde."

"Ndipo usamuyang'ane Quiles. Akalankhula, ndi mawu ake ndi ako. Enawo anakuona ukukula, sangakutaye."

"Nestor sanamuone akukula?"

"Nestor analibe mwayi, anakumana ndi amayi," anatero Seymour. "Iwe sukumana nawo. Mayi ako anakonda njerwa kuposa ana awo, ndiye usafere njerwa zomwezo."

Rhoda sanawaikire kumbuyo mayi ake, chifukwa mumtima mwake mawu amenewo analimo kale. Miyezi yonse imene anawasambitsa ndi kuwatembenuza, ankadikira kuti tsiku lina afunse, nanga iwe ndikapita ukakhala kuti? Sanafunsepo. Ankafunsa ngati wamanga bwino thumba la zinyalala. Chinkamuwawa n'chakuti ngakhale zinali choncho, iye ankafunabe kuti mayi akewo amuone kuti ndi munthu.

Ndipo nyumbayo ankaifuna, ankaifuna mpaka kuchita manyazi. Zaka zonse za m'kachipinda kaja ankagona akumva mapazi a anthu pamwamba pa mutu wake, ndipo windo lake linkaonetsa matayala a magalimoto. Muno m'mawa dzuwa linkalowa n'kugona pamatabwa, iye n'kuimapo osavala nsapato, kapu ya khofi ili m'manja. Ankadziwa thabwa lililonse limene limalira. Pa chitseko cha khitchini panali timizere tosonyeza msinkhu wake ndi wa Seymour, timene mayi ake, ngakhale ankadana ndi zolembalemba pamakoma, sanatipakepo penti. Ankati akaganiza kuti mwana wa munthu wina adzathamanga muno, mtima unkamuthina ngati nsapato yaing'ono.

Komiti inakumana masana ena m'chipinda cha misonkhano, mmene muli makina akale osokera amene oyambitsa nyumbayi anasiya. Kutsogolo kunali Mayi Eulalie Prescod, wapampando, mphunzitsi wopuma pantchito amene amalankhula ndi aliyense ngati wachedwa kulowa m'kalasi. Bambo Quiles anakhala kumapeto kwa tebulo. Pambali panali bambo wa tayi wochokera ku ofesi ya mzinda yoona za nyumba, amene amabwera kudzamva nkhani zotere, ndipo chimene wamva chimakhala chomwecho. Mpando wa Mayi Gitl unali pamalo ake. Anasiya kuukhalira kalekale, koma panalibe amene analimba mtima kuukoka.

"Sitikusungani, Rhoda, tikudziwa kuti mwatopa," anatero Mayi Prescod. "Funso ndi limodzi, ndipo ndi longokwaniritsa mwambo. Mwakhala muno ndi mayi anu zaka ziwiri ndi kupitirira. Si choncho?"

Inde uja anali kale pa lilime. Seymour anamugunda ndi bondo. Rhoda anachita chimene anauzidwa kuti asachite, anayang'ana kumapeto kwa tebulo. Bambo Quiles anali atazyolika, akuyang'ana manja awo, ndipo kwa Rhoda ankaoneka ngati munthu amene akusunga mpweya kuti aimirire. Kenako maso ake anagwera pa mpando wopanda munthu uja. Anaona kuti akanena bodzali, mkuluyo aimirira n'kubweza mawu omwe aja, amene anawasunga zaka zonsezi, ndipo dzina la Lanzner lidzasanduka nthabwala ya m'chikepe. Anthu azidzati mayi anathamangitsa mwana wa mnzake chifukwa cha bodza, wake n'kudzanama maliro ali m'maso. Mayi ake analibe chuma, analibe anzawo ambiri. Chimene anasiya ndi chokhacho, kuti sananamepo.

"Ayi," anatero Rhoda. "Ndinabwera mu Novembala."

 Bambo wa tayi uja anadzutsa mutu.

"Mwina simunamve funso," anatero Mayi Prescod pang'onopang'ono. "Chisoni chimasokoneza mutu. Novembala wa chaka chiti?"

"Wangothayu."

"Rhoda!" anatero Seymour.

"Ndinkabwera kudzawaona, koma ndinkagona kwanga. Aliyense muno akudziwa."

Mayi Prescod anavula magalasi n'kutseka maso. Bambo Quiles anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Rhoda pakamwa pali yasa, ndipo Rhoda anaganiza kuti akhumudwa poti nyama yathawa msampha. Kwa kamphindi anamva kukoma. Madzi akatayika saoleka, ndipo ndi mlendo wa ku ofesi uja atakhala pomwepo, panalibenso chimene komiti ikanachita. Anamupatsa nthawi mpaka mitengo ya pabwalo itaphuka masamba. Nyumbayo inali yopita kwa dalaivala wina wa basi wa ana atatu, amene anadikira mpaka kutaya mtima.

Seymour anamudikira pamasitepe, nkhope itafiira.

"Make mbuu, mwana mbuu! Wasangalala? Ukuganiza kuti kumandako akukuombera m'manja?"

"Musakuwe mu kolido, achimwene."

Seymour anamuyang'ana, anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kukwera kukatenga chikwama chake. Anauluka tsiku lotsatira. Ponyamuka anamusiyira nambala ya munthu wina wa ku Yonkers amene mwina anali ndi chipinda, ndipo anamukumbatira mwamsanga ngati akuopa kuti angamupatsire matenda.

Masabata otsatirawo Rhoda ankachoka kuntchito n'kumalongedza. Nyumba ya munthu amene anakhala malo amodzi moyo wake wonse siitha kulongedza. Chipinda cha ku Yonkers anakachiona, chinali pamwamba pa galaja, ndipo khoma lake ukaligogoda linkalira ngati katoni. Anavomera, poti wopempha sasankha. Chimene chinkamusunga ndi chimodzi, chakuti anachita zimene mayi ake akanachita, ndipo ankachifungatira chimenecho akamagona pakati pa makatoni.

Zimene sankamvetsa ndi anthu. Ankaganiza kuti amupatsa ulemu, koma ankamuthawa maso. Lamlungu lina anatenga mbale ndi miphika ya pamaliro n'kuyamba kubweza khomo ndi khomo. Mayi Prescod analandira mbale yawo, anamugwira dzanja nthawi yaitali, n'kungoti, "Iwe mwana iwe," basi n'kutseka chitseko. Ena ankalandira chitseko chili chotsegula pang'ono. Mphika wa Bambo Quiles anausiya komalizira. Anakwera nawo pamwamba penipeni, akufuna angouika pakhomo n'kubwerera, koma chitseko chinatseguka asanawerame.

"Ndamva chikepe," anatero Bambo Quiles. Sanalandire mphikawo. "Unachitiranji zimene zija?"

"Ndinanena zoona. Ndimayesa ndi zimene munkafuna."

"Ine?"

"Munkadikira kuti ndiname kuti mubweze za Nestor. Sindikukuimbani mlandu. Inenso ndikanatero."

Mkuluyo anagwira mphuthu ya chitseko, akupukusa mutu. "Mwana iwe, ndiye kuti sunkadziwadi. Ife timayesa wazindikira wekha, ukungochita manyazi. Ndinakutsegulira njira pamaliro paja anthu onse akumva, ndimati ndikayamba ine enawo sachita mantha."

"Kudziwa chiyani?"

"Mayi ako anayenda nyumba yonse ino. Iwe uli kuntchito, iwo ankatuluka ndi chitsulo chawo choyendera chija, khomo limodzi patsiku, poti awiri sankatha. Anayambira kwa Mayi Prescod. Kwa ine anafika komalizira, kutatsala pang'ono kuti agoneretu osadzukanso. Anaima pamene waimapo. Ndinati lowani, anakana. Ndinati ndikutengereni mpando, anakana. Anangoti, 'Bambo Quiles, ndabwera kudzakupemphani kuti mukaname.'"

Rhoda anaukumbatira mphika uja pachifuwa. 

"Ndinawauza kuti sindinamve, abwereze," anapitiriza mkuluyo. "Ndinamva bwinobwino, koma ndinafuna abwereze, ndipo anabwereza. Ndinawafunsa za Nestor. Anati, 'Za mwana wanu ndinanena zoona ndipo sindibweza. Koma wanga alibe kopita, ndipo ndine ndinamuchedwetsa.' Ankanjenjemera thupi lonse, thukuta lili kamukamu. Ndinawasiya ataima choncho nthawi yaitali, Mulungu andikhululukire. Kenako ndinavomera. Tonse tinavomera, ngakhale mmodzi wokana panalibe."

"Bwanji sanandiuze?" Mawu a Rhoda anatuluka ang'onoang'ono.

"Anatilumbiritsa kuti tisakuuze. Anati, 'Mwana wanga akamva kuti ndayenda kupempha bodza, adzandiona bwanji?' Ndinati nanga akakanena zoona? Anaseka. Anati, 'Ameneyo akanama yekha, alibe pogwira. Inu mukangokhala chete.'"

Rhoda analira pamenepo, kulira kumene sanalire kumanda. Mayi ake anafa akumuyesa wabodza, iye anawaika m'manda akuwayesa mwala, ndipo onse awiri analakwa. Nyumba inapita pakati pa kulakwa kuwiriko. Bambo Quiles sanamutonthoze. Anamulanda mphika uja pang'onopang'ono n'kuuika m'kati, n'kudikira mpaka atapukuta m'maso ndi mkono wa juzi.

"Anachoka bwanji?" anafunsa Rhoda. "Anatha kufika pachikepe okha?"

"Anafika. Ndinati ndiwaperekeze, anakana. Koma atatembenuka kuti azipita anaona jombo zanga, ndinali nditazisiya pakhomo pano kuti ziume. Anasiya chitsulo chija, n'kugwira khoma ndi dzanja limodzi, n'kuyamba kuwerama. Ndinkati agwa. Zinawatengera nthawi, koma anazitola zonse ziwiri, anadzuka nazo, n'kundiika m'manja."

Mkuluyo anatambasula manja ake ngati jombozo zikadali momwemo.

"Anati, 'Mu kolido simusiyidwa nsapato, Bambo Quiles. Wina angapunthwe.'"